Vuto likagwa, mtsogoleri ayang'ane pati? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amachokera kwa anthu amene ndakhala nawo pansi pa mitengo ya mango, m'makalasi obwereka Loweruka ndi m'tizipinda ta kuseri kwa tchalitchi: apampando a makalabu a alimi, amayi osunga bokosi la banki mkhonde, aphunzitsi aakulu, akuluampingo, ndi eni timabizinesi tolemba anthu atatu kapena asanu. Onsewa amamva mawu amodzimodzi ku maphunziro a utsogoleri, akuti mtsogoleri weniweni amaona mwayi pamene ena akuona vuto. Ambiri amagwedeza mutu mwaulemu, n'kubwerera kwawo asakukhulupirira. Ndimawamvetsa. Komabe m'mawuwo muli chakudya, kungoti chili ngati chinangwa chowawa: chimafunika kusenda ndi kuviika kaye chisanafike pamoto.

Kodi kunena kuti vuto ndi mwayi si kungopaka anthu phula m'maso?

Nthawi zambiri ndi momwemo, ndipo anthu sachedwa kuzindikira. Mu Marichi 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño, panali mabanja amene chimanga chawo chinapserera chitangomasula. Kupita kwa mayi wotere n'kukamuuza kuti chilala ndi mwayi n'kumutukwana. Njala ndi njala, ngongole ndi ngongole, maliro ndi maliro.

Alipo atsogoleri amene amawakonda mawu akuti mwayi chifukwa amawapulumutsa ku mafunso. Malipiro achedwa miyezi iwiri, abwana akuti ino ndi nthawi yophunzira kupirira. Ameneyo sanasinthe kaonedwe ka vuto, wangolikwirira. Zimene ndikunena pano ndi zina. Vuto mulitchule dzina lake lenileni, muvomereze pamaso pa anthu kuti likuwawa, kenako mulifunse funso limene ena sakulifunsa.

Funso lake ndi liti?

Gulu likagwa m'mavuto, pakamwa pa anthu pamatuluka mafunso awiri: walakwa ndani, ndipo atithandize ndani? Onsewa ali ndi malo ake. Wakuba ayenera kudziwika, ndipo kupempha thandizo si chamanyazi. Koma mukaima pomwepo, msonkhano umathera m'kulozana zala kapena m'kulemba kalata kwa a mabungwe, kenako kukhala chete kudikira.

Ine ndimawonjezera ena awiri. Loyamba ndi ili: vutoli latiululira chiyani chimene chinalipo kale koma sitinkachiona zinthu zikuyenda? Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga damu la pa Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazimazima kwa nthawi yoposa chaka. Namondweyo sanalenge kufooka kwathu, anangokuvundukula. Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa mtsinje umodzi, ndiye Shire akadwala dziko lonse lili mumdima. Gulu lanu nalonso lili ndi Shire wake. Mwina ndi wogula mmodzi, mwina msungichuma amene yekha amamvetsa mabuku, mwina mbewu imodzi, mwina bungwe limodzi lakunja limene likangotseka ofesi inunso mwatseka.

Lachiwiri: chinthu chimene tikulirachi tinkachifunira chiyani, ndipo palibe njira ina yofikira komweko? Ili ndilo lamphamvu kwambiri, chifukwa nthawi zina mumapeza kuti mwakhala mukulirira khasu pamene chimene mukufuna ndi munda wolimidwa.

Pali chitsanzo chenicheni cha kuno kwathu, osati cha makampani a ku America?

Chilipo, ndipo ndimadabwa kuti sitichinena mokwanira, poti dziko lonse lapansi linachitengera kwa ife.

Chisanafike chaka cha 2011, mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ka HIV ku sikelo sankangoyamba mankhwala a moyo wonse. Malangizo a mu 2010 a bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ankati ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, chimene azachipatala amati CD4. Chikatsika kufika pa 350 kapena kucheperapo, ayambe ma ARV a moyo wake wonse. Chikakhala pamwamba, alandire mankhwala a kanthawi oteteza mwana, potsata imodzi mwa njira ziwiri zotchedwa Option A ndi Option B. Papepala zinali zomveka bwino. Koma makina oyezera CD4 anali m'zipatala zowerengeka, ndipo nawonso ankafa kapena kusowa mankhwala oyezera. Taganizani mayi wa kumudzi: magazi atengedwe, atumizidwe kuboma, zotsatira zibwere patapita milungu, iyeyo abwerenso wapansi kapena pa kabaza ali ndi pakati, mwina n'kukauzidwa kuti zotsatira sizinafike. Ambiri sankabwereranso, ndipo ana ankabadwa ndi kachilombo kamene kakanapewedwa.

Yankho lachizolowezi likanakhala kupempha makina ambiri kwa othandiza, n'kudikira zaka. Akuluakulu a ku Unduna wa Zaumoyo ndi anzawo ogwira nawo ntchito anafunsa funso lina. Kuyezaku tikukufunira chiyani? Tikufuna kusankha woyamba mankhwala ndi wodikira. Nanga titaleka kusankhako n'kuwayambitsa onse? Anaonanso chinthu china chimene aliyense wa kumudzi ankachidziwa kale: pa nthawiyo mayi wa ku Malawi ankabereka ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo mwana aliyense ankayamwa pafupifupi zaka ziwiri. Kumuyambitsa mankhwala n'kumusiyitsa akaletsa mwana kunalibe nzeru, poti posakhalitsa watenganso pakati.

Motero kuyambira mu Julayi 2011, mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo anayamba kupatsidwa ma ARV a moyo wonse, piritsi limodzi patsiku, popanda kudikira CD4, ndipo mankhwalawo anafika ku sikelo komweko m'zipatala zing'onozing'ono. Njirayi inatchedwa Option B+. M'miyezi itatu ya Epulo mpaka Juni 2011, amayi otere amene anayamba mankhwala anali 1,257. M'miyezi itatu ya Julayi mpaka Seputembala 2012 anali 10,663. Mu 2013 bungwe la WHO linaika njirayi m'malangizo ake, ndipo mu 2015 linalangiza kuti munthu aliyense wopezeka ndi kachilombo aziyamba mankhwala nthawi yomweyo.

Kusowa kwa makina sikunali dalitso. Amayi ndi ana anavutika nako kwa zaka. Koma kusowako ndiko kunakakamiza anthu kufunsa ngati chipata chimene aliyense ankafola pamzere kuti adutse chinali chofunikadi. Mayiko amene anali ndi makina okwanira analibe chowakakamiza kufunsa.

Ndiye zonse zinayenda bwino?

Ayi, ndipo gawo ili ndilo atsogoleri ayenera kulimvetsera kwambiri. Mayi ankabwera ku sikelo ali bwinobwino, osadwala kalikonse, n'kuuzidwa tsiku lomwelo kuti ali ndi kachilombo, n'kupatsidwa botolo la mankhwala a moyo wonse. Akafika kunyumba, abambo sakudziwa kanthu, ndipo botololo alibe polibisa. Ena ankalandira n'kusabweranso. Yankho labwino linabala vuto lake, ndipo panafunika ntchito ina: uphungu wodekha, amayi anzawo amene anadutsamo kale kuti aziwalimbikitsa, kuitana abambo ku sikelo, alangizi a zaumoyo kulondola amene asowa. Panafunikanso ndalama zambiri zogulira mankhwala, zimene gawo lalikulu linachokera kwa othandiza akunja monga Global Fund. Nzeru yokha siinagule piritsi.

Walira mvula walira matope. Mtsogoleri amene wapeza njira yatsopano asaganize kuti ntchito yatha. Adzifunse kuti njirayi ipweteka ndani, ndipo akhale wokonzeka kumva madandaulo a anthu omwewo amene amafuna kuwathandiza.

Ife si unduna. Kalabu ya anthu 20 ingachite chiyani ndi nzeru zoterezi?

Funso lake ndi lomwelija, kaya muli 20 kaya 20 miliyoni. Mitengo ya feteleza itakwera nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, kwacha n'kugwanso, ndinakhala nawo pa msonkhano wa kalabu ina m'chigawo chapakati. Anthu anafika nkhope zili gwa. Wina ankadandaula kuti dzina lake silinatuluke pa zipangizo zotsika mtengo, wina ankati angosiya munda apite ku ganyu. Apampando, mayi wachikulire wosalankhulalankhula, anawasiya onse amalize. Kenako anati, "Tamva zonse, ndipo n'zoona. Tsopano aliyense anene chimene ali nacho pakhomo, osati chimene alibe."

Panali kaye chete. Bambo wina anati ali ndi mbuzi zisanu ndi imodzi, ndipo ndowe zimangounjikana pansi pa khola. Mayi wina anati madeya amawapereka ulere kwa anzake oweta nkhumba. Phulusa ndiye aliyense anali nalo, lotayidwa kudzala m'mawa uliwonse. Anthu anayi anasonkherana n'kugula thumba limodzi la feteleza. Loweruka lotsatira anayala lona pabwalo la apampando, n'kupanga manyowa a Mbeya monga mlangizi anawaphunzitsira: feteleza pang'ono, ndowe zouma zosinja, madeya, phulusa losefa, kuwaza madzi mpaka zigwirane m'manja koma osadontha, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kuti mpweya usalowe, n'kudikira masiku 21. Atamasula, fungo lake linathamangitsa ana amene ankaonerera.

Sindikunamizani kuti anakolola ngati chaka cha feteleza wokwanira. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mawu a bambo wa mbuzi uja pa msonkhano wina: "Zaka zonsezi timadyetsa chimanga, nthaka osaidyetsa." Kukwera kwa mtengo kunawaululira kuti nthaka yawo inali itaguga kalekale, ndipo feteleza ankangobisa matendawo. Chaka chotsatira ena anasiya kutentha mapesi, ena anabzala nandolo ndi mtedza m'mizere ya chimanga. Apampando aja sanatchule mawu akuti mwayi ngakhale kamodzi.

Ndiyambe liti kulankhula za kutsogolo pamene anthu akulira?

Osati pa tsiku la maliro. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe midzi ina inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. M'masiku amenewo ntchito ya mfumu, ya m'busa kapena ya mphunzitsi wamkulu inali imodzi: kufukula, kuika maliro, kupeza ufa ndi zofunda, kuwerenga ana. Amene akanayamba kukamba za maphunziro a ngoziyo nthawi imeneyo akanakhala wopanda umunthu.

Koma pali kampata kena kamene kamatseguka misozi ikayamba kuuma, ndipo sikachedwa kutsekeka. Ndi nthawi imene anthu asanayambe kuumba njerwa. Mukaphonya pamenepo, nyumba zimamangidwanso m'khwawa momwemuja, ndipo madzi saiwala khwawa. Apa mpamene mtsogoleri ayenera kulimba mtima n'kufunsa za malo omangapo, za mitengo ya m'phiri, za ngalande zimene zadzaza zinyalala, za amene adzaimbe wezulo usiku madzi akadzakwera. Ngakhale malamulo a dziko amayenda chomwecho. Lamulo loona za ngozi la mu 1991 linabwera chaka cha napolo wa ku Phalombe, ndipo lolowa m'malo mwake, limene linakhala likukambidwa kwa zaka zambiri, linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2023 Freddy atangopita. Zimawawa kuti timadikira maliro kuti tisunthe, koma kulola kuti maliro adutse osasuntha n'komwe n'koipa koposa.

Kodi ndiwauze anthu anga zoona zonse? Sadzathawa?

Akudziwa kale. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mnyamata wogulitsa mushopu yanu ndiye ankasintha mitengo pa mashelefu. Ankaona kuti katundu wobwera akuchepa ndipo makasitomala akugula sopo mmodzi m'malo mwa atatu. Mukamamwetulira n'kumati zonse zili bwino, iyeyo amangodziwa kuti simumukhulupirira, ndipo amayamba kufunafuna ntchito kwina mwakachetechete.

Akhazikeni pansi, muwaonetse manambala. Zolowa ndi izi, zotuluka ndi izi, tikapitirira chonchi tifika mwezi wakutiwakuti. Simukuyenera kukhala ndi yankho musanalankhule. Kunena kuti "njira sindinaione, tiifune limodzi" sikuchotsa ulemu wa munthu wamkulu. Ndipo kawirikawiri amene amadziwa pamene ndalama zikudonthera ndi wapakauntala, mlonda kapena dalaivala, anthu amene sanafunsidwepo maganizo chilowereni ntchito.

Nanga ngati wolakwitsa ndine mtsogoleri?

Izi zinandichitikira. Mitengo ya nandolo itakwera kwambiri cha m'ma 2015 ndi 2016, ndinali mmodzi mwa amene ankalimbikitsa alimi a gulu lina la kum'mwera kuti awonjezere minda ya nandolo. Ndinkalankhula motsimikiza, ndipo anandimvera. Mu 2017 dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wochokera kuno, linakolola wake wochuluka n'kuika malire pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo unagwa mpaka mavenda ankatchula ndalama zosakwana n'kulipira aganyu omwe. Matumba anaunjikana m'nyumba za anthu, anankafumbwe n'kuyamba ntchito yawo.

Usiku woti mawa tikumana sindinagone. Ndikanatha kuimba mlandu India, ndipo sindikananama. Koma bambo wina wachikulire anandifunsa modekha, "Aphunzitsi, pamene munkatiuza kuti tilime, munkadziwa kuti nandoloyu amathera kuti?" Sindinkadziwa bwinobwino. Ndinkadziwa venda, ndinkadziwa kampani ya mtauni, koma kupitirira apo sindinafunsepo. Ndinavomera pamaso pa onse kuti ndinawatsogolera pa njira imene ine mwini sindinaiyende mpaka kumapeto, ndipo ndinapepesa.

Kupepesako sikunabweze ndalama ya munthu. Chimene kunachita n'kutsegula pakamwa pa anthu. Tinagwirizana kuti mbewu iliyonse yogulitsa tisanaibzale tizifunsa kuti wogula wathu amakagulitsa kwa yani, kuti munda wa chakudya usamachepetsedwe chifukwa cha mtengo wa chaka chimodzi, ndi kuti tizisunga m'matumba osalowa mpweya n'kugulitsa pamodzi. Ndikanadziteteza tsiku limenelo, tikanathera m'kukangana, ndipo mfundo zimenezi sizikanabadwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndiye kuti si mwayi uliwonse woyenera kuuthamangira?

Nkhani ya nandoloyo yayankha kale mbali ina. Mbali inayo ndi yakuti ngakhale chinthu chabwino chimafuna kuwerengera mtengo wake. Maphunziro aulere a ku pulayimale atayamba mu 1994, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali khomo lotseguka kwa ana a anthu osauka, ndipo ambiri amene akuwerenga izi analowera pomwepo. Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Analembedwa aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa mokwanira, ndipo mpaka lero tikulimbana ndi kalasi ya ana oposa 100 pa mphunzitsi mmodzi. Musanatsegule khomo, werengani mipando.

Anthu amakonda kutchula William Kamkwamba. Si umboni woti mavuto amakulitsa munthu?

Nkhani yake ndi yoona ndipo ndi yonyaditsa. Mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, n'kumakawerenga mabuku a sayansi ku kalaibulale kakang'ono, mpaka anamanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo za njinga ndi zotolatola za kudzala.

Koma tisaigwiritse ntchito molakwika. Njala yomweyo inapha anthu ambiri ndipo inachotsa pasukulu ana osawerengeka amene sanabwererenso. Njala siinamange makinawo. Pakati pa mnyamatayo ndi njala panali laibulale yotsegula, munthu womulola kubwereka buku, ndi makolo amene sanamuletse ngakhale anthu ankamuyesa wamisala. Phunziro la mtsogoleri lili pamenepo. Ntchito yanu si kuuza achinyamata kuti avutike ngati Kamkwamba, koma kuonetsetsa kuti pa nthawi ya mavuto kachitseko kena katsala kosatseka: shelefu ya mabuku, kangongole kakang'ono koyesera nzeru yatsopano, kapena kungoletsa anthu kuseka amene akuyesa zachilendo.

Ndaona njira, koma anthu akukana. Nditani?

Yambani mwafunsa chimene akuopa kutaya, chifukwa kawirikawiri kukana kwawo kuli ndi nzeru. Matenda a chisaka atalowa m'minda ya nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, alangizi ananena zoona: matendawa alibe mankhwala, amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu ndiponso ndi ana a nthochi odwala, ndipo njira yake ndi kuzula phata lonse, kudikira, n'kubzala mbewu yopanda matenda. Alimi ambiri anakana. Anthu a m'tauni ankati ndi umbuli. Koma phata lodwala limaperekabe kamkoko kamodzikamodzi kogulira mchere ndi sopo, pamene dzenje lozulidwa silipereka kanthu kwa chaka chathunthu. Komanso ukazula wekha mnansi wako osazula, nsabwe zija zibweranso. Munthu ankafunsidwa kutaya chochepa chimene ali nacho m'manja chifukwa cha lonjezo.

Pamene zinthu zoterezi zimatheka, mtsogoleri amakhala wachita zitatu, ngakhale sazichita mwa ndondomeko. Wayamba ndi munda wake, anthu aone kuti nayenso wataya. Wapeza chodyera anthu pa miyezi yodikirayo, kaya mbatata, kaya nyemba, kaya ngongole ya ku banki mkhonde yobweza mochedwerapo. Ndipo wakopa mudzi wonse kuti uchitire limodzi, osati mmodzimmodzi. Kukalipa ndi kuopseza ndi chindapusa kumazula nthochi, koma kumazulanso chikhulupiriro, ndipo mawa mudzachifuna.

Kodi alipo mavuto amene mulibe mwayi uliwonse?

Alipo. Mwana akamwalira ndi kolera, monga anthu oposa 1,700 amene anapita pa mliri wa 2022 ndi 2023, banjalo silinapindule kanthu ndipo silidzapindula. Mudzi ungathe kukonza mjigo ndi kukumba zimbudzi pambuyo pake, ndipo uyenera kutero, koma musadzayerekeze kuuza mayiyo kuti imfa ya mwana wake inali ndi ubwino wake. Palinso mavuto amene ndi zolakwa chabe, monga kuba ndalama za gulu kapena kugwirira mwana wasukulu. Amenewo sasandutsidwa phunziro wolakwa asanayankhe mlandu.

Tidziwa bwanji kuti takuladi, osati tangopulumuka?

Kupulumuka nakonso si chinthu chaching'ono, musakupeputse. Koma kukula kumaoneka vuto lomwelo likabweranso. Kodi latipeza pamalo omwe aja? Gulu la banki mkhonde limene msungichuma anathawa ndi ndalama, ngati langosankha msungichuma wina "wokhulupirika", silinaphunzire kanthu. Ngati tsopano bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndalama zikuwerengedwa mokweza pamaso pa onse ndipo aliyense akudziwa masheya ake, pamenepo china chake chasintha chimene sichidalira mtima wa munthu mmodzi.

Muyeso wina umene atsogoleri saukonda ndi uwu: mtengo wa kusinthako analipira ndani? Ngati kampani yatuluka m'mavuto ili yamphamvu chifukwa antchito otsika anadulidwa malipiro pamene abwana sanasinthe galimoto, imeneyo si nkhani ya kukula, ndipo antchitowo sadzaiwala. Funsani amayi, achinyamata ndi amene amakhala kumbuyo pamsonkhano ngati akuona kusintha kumene inu mukukuona.

Ine mtsogoleri ndikatopa, ndikadandaule kwa yani?

Funso ili limabwera anthu ena atatuluka, ndipo limafunsidwa motsitsa mawu. Mfumu, m'busa, mphunzitsi wamkulu, onse amayembekezeka kukhala mdambo mozimira moto, koma dambo nalonso limauma. Pezani munthu mmodzi kapena awiri a kunja kwa gulu lanu, makamaka amene anasenzapo katundu wofanana ndi wanu, oti mungawauze kuti "zandikulira" popanda mawuwo kukafika kumsika. Munthu wotopa ndi wamantha saona njira, amangoona adani. Ndaonapo apampando abwino akusanduka ankhanza, osati chifukwa cha mtima woipa koma chifukwa miyezi itatu sanagone tulo tabwino ndipo ankakana kugawira ena ntchito. Wachiwiri wanu munamusankhiranji ngati simumupatsa kanthu?

Msonkhano uli mawa. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi mawu olimbikitsa. Nenani vutolo m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndi manambala ake ngati alipo, ndipo ngati pali mbali yanu yolakwa itchuleni nokha ena asanaitchule. Kenako khalani pansi, anthu alankhule mpaka mkwiyo utsike, ngakhale patenge ola. Musayankhe dandaulo lililonse. Alembi alembe.

Mukaona kuti mawu ayamba kubwerezedwa, imiriraninso n'kufunsa mafunso awiri aja, limodzi pa nthawi: vutoli lationetsa chiyani chimene chinalipo kale, ndipo chimene tikusowachi tinkachifunira chiyani? Ngati m'gulumo muli anthu amene salankhula pamaso pa akuluakulu, agaweni, amayi paokha, achinyamata paokha, kwa mphindi 20, abwere ndi wowalankhulira. Pa zonse zimene zituluke, sankhani chimodzi chokha chimene mungayese m'masabata awiri ndi zimene muli nazo kale, chaching'ono moti chikalephereka gulu silifa. Lembani dzina la wochita, tsiku lake, ndi tsiku lokumananso. Alembi awerenge mokweza zimene mwagwirizana anthu asanabalalike, ndipo pa ntchito zimene zagawidwazo, yolemetsa kwambiri ikhale ndi dzina lanu.